Momwe mungafufuzire nambala yaikulu kwambiri ndi pensulo ndi kope

Nambala yomwe tigwire nayo ntchito ndi iyi: 18,446,744,073,709,551,615. Kalikuleta ya kusukulu siingathe kuionetsa yonse. Imangolemba madijiti khumi oyambirira, n'kuika kanambala kakang'ono kumapeto kosonyeza kuti ena atsalira. Komabe munthu wokhala ndi pensulo, kope ndi masamu a kusekondale angathe kudziwa zambiri za nambalayi: kutalika kwake, madijiti omwe imathera, manambala omwe amalowamo ndendende ndi omwe amasiya chotsala, mpaka manambala onse a prime (manambala oposa 1 omwe amagawika ndi 1 ndi iwo eni okha) omwe akachulukitsana amaibereka. Nambala yotere simulimbana nayo yathunthu. Mumayang'ana momwe inapangidwira, kenako mumagwira ntchito ndi zotsala zake, zomwe zimakhala zazing'ono nthawi zonse.

Nambalayi inatchuka chifukwa cha nthano ya chesi. Bolodi la chesi lili ndi timabokosi 64. Akuti munthu wina anapempha mfumu kuti imulipire njere imodzi ya tirigu pa kabokosi koyamba, ziwiri pa kachiwiri, zinayi pa kachitatu, kumangowirikiza choncho mpaka kabokosi komaliza. Wolemba mbiri Ibn Khallikan anailemba nkhaniyi m'chaka cha 1256. Njere zonsezo zikaphatikizidwa zimakwana nambala yathuyi. Mumakompyuta a masiku ano imapezekanso, chifukwa ndiyo nambala yaikulu kwambiri yomwe ingakwane m'malo a mabiti 64 (biti ndi kamalo kosunga 0 kapena 1).

Gawo loyamba: ilembeni mwachidule

Musanayese china chilichonse, dzifunseni kuti nambalayi yachokera kuti. Yambani ndi timabokosi tochepa. Tiwiri: 1 + 2 = 3. Titatu: 1 + 2 + 4 = 7. Tinayi: 1 + 2 + 4 + 8 = 15. Mayankhowa akupereweza 1 kuti akwane 4, 8 ndi 16, omwe ndi 2 × 2, 2 × 2 × 2 ndi 2 × 2 × 2 × 2. Ndiye kuti timabokosi 64 tipereka ma 2 okwana 64 ochulukitsana, n'kuchotsapo 1. Timalemba kuti 2^64 − 1, ndipo 64 wapamwambayo ndiye pawa.

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse. Madijiti 20 aja amangooneka ngati anamwazidwa mwachisawawa, pamene 2^64 − 1 akukuuzani kale kolowera. Ngati nambala yomwe muli nayo mwangoipeza italembedwa yonse, yesani kuonjezapo 1 kapena kuchotsapo 1 muone ngati ikusanduka pawa ya 2, ya 3 kapena ya 10. Manambala aakulu otchuka ambiri amakhala moyandikana ndi pawa inayake.

Gawo lachiwiri: dziwani kutalika kwake musanaiwerengetse

Sungani pamtima kuti 2^10 ndi 1,024, pafupifupi 1,000. Pawa 64 ndi magulu 6 a 10, kutsala 4. Gulu lililonse likupatsani maziro atatu, ndiye magulu 6 ndi maziro 18. Wotsalayo, 2^4, ndi 16. Choncho nambala yathu ili cha m'ma 16 wotsatiridwa ndi maziro 18, kutanthauza madijiti 20. Yankho lenileni likuyamba ndi 18 osati 16 chifukwa ka 24 kaja tinakataya kasanu ndi kamodzi, ndipo 1.024 akachulukitsana ka 6 amafika pa 1.153. Chulukitsani 16 ndi 1.153, mupeza 18.4. Madijiti oyambirira ndi amenewo.

Njira yachangu ndi ya log. Chulukitsani pawa ndi 0.30103 (log ya 2 mwachidule), tayani zonse za kuseri kwa kadontho, onjezani 1. Apa 64 × 0.30103 = 19.27, mukataya 0.27 n'kuonjeza 1 mupeza 20. Kuchotsa 1 kuja sikusintha kutalika, chifukwa pawa ya 2 siingakhale 10, 100 kapena 1,000, pomwe kuchotsa 1 kukanagwetsa dijiti imodzi.

Chenjerani pawa ikakhala ya m'mamiliyoni. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku San Jose m'dziko la America anapeza prime yomwe inaposa onse odziwika panthawiyo, 2^136,279,841 − 1. Mukagwiritsa ntchito 0.30103 mupeza 41,024,320.5, n'kunena kuti ili ndi madijiti 41,024,321. Mwalakwa ndi dijiti imodzi. Log ya 2 yeniyeni ndi 0.30102999566, ndipo kusiyana kochepako kukachulukitsidwa ndi 136 miliyoni kumakula mokwanira kusokoneza yankho. Ndi log yautaliyo mupeza 41,024,319.9, ndiye madijiti ndi 41,024,320. Lamulo lake: log yanu ikhale ndi madijiti ambiri kuposa a pawa.

Gawo lachitatu: madijiti omaliza

Lembani mapawa a 2 motsatana: 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256. Yang'anani dijiti yomaliza yokha: 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6. Imazungulira pakatha masitepe anayi. Ndiye gawani pawa ndi 4 muone chotsala. Chikatsala 1 nambala ithera 2, chikatsala 2 ithera 4, chikatsala 3 ithera 8, pakapanda chotsala ithera 6. Mu 64, 4 amalowa ndendende, choncho 2^64 ithera 6, ndipo tikachotsa 1 ithera 5. Tapeza kale zinthu ziwiri osagawa chilichonse chachikulu: 2 salowamo, 5 amalowamo.

Madijiti awiri omaliza amazungulira pakatha masitepe 20. Gawani 64 ndi 20, kutsala 4, ndipo 2^4 ndi 16. Chotsani 1 mupeza 15, monga mukuonera kumapeto kwa nambala yathu. Pali poterera: chotsala chikakhala 0, yang'anani 2^20 osati 2^0, ndipo chikakhala 1, musalembe 02. Kuzungulirako kumayambira pa 2^2, ndiye muyenera kuyang'ana 2^21, yomwe ndi 2,097,152, yothera 52. Nambala ya Durant ija pawa yake ikagawidwa ndi 20 imasiya 1, choncho imathera 52 − 1, yomwe ndi 51. Mwadziwa mathero a nambala ya madijiti 41 miliyoni pa mzere umodzi wa kope.

Gawo lachinayi: yesani 3 ndi 9, kenako 7, 11 ndi 13 pakamodzi

Za 3 ndi 9 ambiri amazidziwa kuyambira kupulayimale: phatikizani madijiti onse. Chitani gulu ndi gulu kuti musasokonezeke. Gulu la 18 lipereka 9, la 446 lipereka 14, la 744 lipereka 15, la 073 lipereka 10, la 709 lipereka 16, la 551 lipereka 11, la 615 lipereka 12. Zonse pamodzi ndi 87. Mu 87, 3 amalowa ka 29 ndendende, ndiye amalowanso mu nambala yaikuluyo. Koma 9 amalowa ka 9 n'kutsala 6. Ndiye kuti 3 alimo kamodzi kokha. Mukagawa ndi 3, yankho lake silingagawikenso ndi 3.

Njira ya 7, 11 ndi 13 siidziwika kwambiri, komatu ndi yopepuka. Imatsamira pa mfundo yoti 7 × 11 × 13 = 1,001, nambala yongopitirira 1,000 ndi 1. Tengani magulu a madijiti atatu aja kuyambira kumanja, muzisinthanitsa kuphatikiza ndi kuchotsa:

615 − 551 + 709 − 73 + 744 − 446 + 18 = 1,016

Chotsani 1,001, kutsala 15. Nambala ya madijiti 20 ija tsopano yasanduka 15, ndipo chotsala chake pa 7, 11 ndi 13 n'chofanana ndi cha 15. Pa 7 kutsala 1, pa 11 kutsala 4, pa 13 kutsala 2. Onse atatu salowamo.

Tsimikizani pogwiritsa ntchito pawa, chifukwa pophatikiza magulu asanu ndi awiri kuphonya n'kosavuta. 2^3 ndi 8, yemwe akagawidwa ndi 7 amasiya 1. Ndiye ma 2 atatu aliwonse sasintha chotsala. Mu 64 muli magulu 21 a atatu, kutsala 2 mmodzi. Chotsala cha 2^64 pa 7 ndi 2, ndipo tikachotsa 1 ndi 1. Njira ziwiri zosiyana zagwirizana.

Apa ambiri amapitiriza ndi 17, 19, 23, 29 mpaka kutopa. Musatero. Kuti mutsirize njira imeneyo mungafunike kuyesa manambala a prime mpaka kupitirira 65,000.

Gawo lachisanu: iphwanyeni potsata mapangidwe ake

Kumbukirani lamulo la kusiyana kwa masikweya awiri: a² − b² = (a − b)(a + b). Mwachitsanzo 64 − 1 ndi 7 × 9. Nambala yathu ndi yoteronso, popeza 2^64 ndi sikweya ya 2^32, ndipo 1 ndi sikweya ya 1. Choncho:

2^64 − 1 = (2^32 − 1) × (2^32 + 1) = 4,294,967,295 × 4,294,967,297

Chidutswa choyambacho chili ndi tanthauzo lake. Thabwa la bawo lili ndi mabowo 32, theka la timabokosi ta chesi. Mutawirikiza njere pa bawo monga anachitira wa m'nthano uja, mungafunike njere 4,294,967,295. Mabowo ndi theka, koma njere sizili theka la za pa chesi; kuti mufike pa za chesi muyenera kuchulukitsa za pa bawozo ndi nambala ina yaikulu mofanana nazo.

Pitirizani kuphwanya chidutswa chokhala ndi chizindikiro chochotsa, chifukwa nacho ndi kusiyana kwa masikweya:

4,294,967,295 = 65,535 × 65,537
65,535 = 255 × 257
255 = 15 × 17
15 = 3 × 5

Pa mizere inayi yokha mwapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Onse asanu ndi prime. Kwa 257 n'kosavuta kutsimikiza: yesani ma prime osapitirira 16, omwe ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, ndipo palibe wolowamo. Nthawi zonse mumayesa kulekeza pa sikweya ruti, chifukwa nambala ikakhala yogawika, mmodzi mwa oigawa sangapitirire pamenepo. Kwa 65,537 mulekeza pa 256. Onaninso kuti 3 watuluka kamodzi ndi 5 kamodzi, mogwirizana ndi zomwe tinapeza m'magawo am'mbuyo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: chidutswa chouma, 4,294,967,297

Chatsala chidutswa chokhala ndi chizindikiro chophatikiza, ndipo lamulo la masikweya siligwira pamenepa. Pierre de Fermat, loya wa ku France yemwe ankachita masamu pa nthawi yake yopuma, anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 onse ndi prime, ndipo mu 1640 ananena kuti akukhulupirira kuti manambala onse a mtundu umenewu ndi prime. Wotsatira pamzerewo ndi 4,294,967,297 yemweyu. Panapita zaka zoposa 90 mpaka mu 1732, pomwe Leonhard Euler wa ku Switzerland, akugwira ntchito ku St Petersburg, anasonyeza kuti 641 amalowamo. Kufikira lero palibe yemwe wapeza prime wina wa mtundu wa Fermat kupitirira 65,537. Zitsanzo zisanu zogwirizana zinanamiza munthu wanzeru ngati Fermat, ndiye inunso musafulumire kupanga lamulo kuchokera pa zitsanzo zochepa.

Kodi 641 mungamupeze bwanji popanda kuyesa manambala mazana? Euler anasonyezanso kuti prime aliyense wolowa mu 2^32 + 1 ayenera kukhala wopitirira ndi 1 nambala yogawika ndi 64. Lembani mzere wake: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Fufutani omwe si prime: 65 ndi 385 amagawika ndi 5, pamene 129, 321 ndi 513 amagawika ndi 3. Otsala ndi 193, 257, 449, 577 ndi 641. Oyesedwa ndi asanu okha.

Kuyesa kwake nakonso sikufuna kugawa nambala ya madijiti khumi. Gwiritsani ntchito njira yopanga sikweya mobwereza, ndipo pa sitepe iliyonse muzisunga chotsala chokha. Tiyese ndi 641.

Yambani pa 2^8, yemwe ndi 256. Ndi wochepa kuposa 641, ndiye msiyeni choncho.

Pangani sikweya kuti mufike pa 2^16: 256 × 256 = 65,536. Gawani ndi 641. Amalowa ka 102, zomwe ndi 65,382, kutsala 154. Iwalani 65,536, sungani 154.

Pangani sikweya ya chotsalacho kuti mufike pa 2^32: 154 × 154 = 23,716. Gawani ndi 641. Amalowa ka 36, zomwe ndi 23,076, kutsala 640.

Ndiye 2^32 akagawidwa ndi 641 amasiya 640. Onjezani 1 uja, mupeza 641 ndendende, kutanthauza kuti chotsala ndi 0. Nambala yaikulu kwambiri yomwe mwalemba pa ntchito yonseyi ndi ya madijiti asanu. Chitani chimodzimodzi ndi 193, 257, 449 ndi 577 kuti dzanja lizolowere; muona kuti palibe yemwe akupereka chotsala chopereweza 1.

Njirayi ndi yomwe muyenera kuigwiritsitsa pa malangizo onsewa. Imagwira pa pawa iliyonse. Pawa ikakhala yosatsata mzere wa 2, 4, 8, 16, iduleni m'zidutswa zotero, monga 67 = 64 + 2 + 1, kenako chulukitsani zotsala za zidutswazo n'kutenganso chotsala. Makompyuta akamabisa uthenga wa kubanki pa intaneti amachita masamu a mtundu womwewu, pa manambala a madijiti mazana.

Tsopano gawani kamodzi kokha mwa njira yaitali: 4,294,967,297 ÷ 641 = 6,700,417. Bwererani pochulukitsa: 6,700,417 × 600 = 4,020,250,200; kuchulukitsa ndi 40 ndi 268,016,680; kuchulukitsa ndi 1 ndi 6,700,417. Kuphatikiza zitatuzi kukubwezerani pa 4,294,967,297.

Nanga 6,700,417 ndi prime? Sikweya ruti yake ili pakati pa 2,588 ndi 2,589. Woigawa aliyense ayeneranso kukhala pa mzere wa 64 uja, ndiye oyesedwa sapitirira 40, ndipo ambiri a iwo si prime. Édouard Lucas anafupikitsanso ntchitoyi mu 1878 posonyeza kuti mutha kudumpha ndi 128 m'malo mwa 64, zomwe zimasiya manambala 20. Palibe wolowamo. Nambala yathu yaphwanyika yonse:

18,446,744,073,709,551,615 = 3 × 5 × 17 × 257 × 641 × 65,537 × 6,700,417

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kololani zomwe zikutuluka pamenepa

Mukakhala ndi mzere wa ma prime, mafunso ena amayankhika okha. Ndi manambala angati omwe amalowa ndendende mu nambala yathu? Tili ndi ma prime 7, aliyense kamodzi. Popanga nambala yoigawa, prime aliyense mutha kumutenga kapena kumusiya, njira ziwiri. Ndiye 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2 = 128. Mwa manambala onse kuyambira 1 mpaka 18 wotsatiridwa ndi madijiti 18, ndi 128 okha omwe amalowamo, kuphatikizapo 1 ndi nambalayo mwini. Prime akaoneka kawiri, njira zimakhala zitatu: kumusiya, kumutenga kamodzi, kumutenga kawiri.

Kodi ndi sikweya? Ayi. Mu sikweya prime aliyense amaoneka kawiri, kanayi, kapena mwa mapeyala otero. Mukanadziwanso kale pa gawo lachitatu, chifukwa sikweya yothera 5 imathera 25 nthawi zonse, pamene yathuyi ithera 15. Mu kalembedwe ka kompyuta ka 0 ndi 1, nambalayi ndi ma 1 okwana 64 ondondozana, popanda ziro ndi mmodzi yemwe.

Kuti mumve kukula kwake, isandutseni nthawi. Lucas yemwe uja anatulutsa mu 1883 masewera otchedwa Tower of Hanoi, osamutsa timbale kuchokera pa ndodo ina kupita pa ina popanda kuika kakakulu pamwamba pa kakang'ono. Timbale 64 timafuna kusunthidwa ka 2^64 − 1. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 31.6 miliyoni. Mutamasuntha kambale kamodzi pa sekondi osapuma, mungatenge zaka pafupifupi 585 biliyoni, kuwirikiza koposa ka 40 zaka 13.8 biliyoni zomwe asayansi amati chilengedwe chakhalapo.

Gawo lachisanu ndi chitatu: pawa ikakhala prime

Nambala yathu inaphwanyika mosavuta chifukwa 64 amagawika. Lamulo lake ndi ili: pawa ikagawika, nambala ya mtundu wa 2^n − 1 nayo imagawika. Ngati 3 amalowa mu pawa, 2^3 − 1 yemwe ndi 7 amalowa mu nambalayo. Ngati 5 amalowa mu pawa, 31 amalowamo. Choncho yang'anani pawa musanayambe ntchito.

Pawa ikakhala prime, polowera pamasowa, komanso sizitanthauza kuti nambalayo ndi prime. 2^11 − 1 ndi 2,047, yemwe ndi 23 × 89. Pali chothandiza chofanana ndi cha Euler chija: woigawa aliyense amapitirira ndi 1 nambala yogawika ndi pawa yowirikizidwa kawiri. Pa pawa 11, dumphani ndi 22: 23, 45, 67, 89. Onse awiri ali pamzerewo.

Manambala amenewa amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe mu 1644 analemba mndandanda wa mapawa omwe ankati amabereka prime. Ena anawalondola, ena ayi. Anaikapo 67, koma mu 1903 Frank Nelson Cole anasonyeza pa msonkhano wa American Mathematical Society ku New York kuti 2^67 − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Pa manambala otere pensulo imafika polephera, ngati cholinga chili kupeza oigawa.

Koma ngati mukungofuna kudziwa ngati ndi prime kapena ayi, pali njira ya Lucas ndi Lehmer. Lucas anaigwiritsa ntchito mu 1876 potsimikiza pamanja kuti 2^127 − 1, ya madijiti 39, ndi prime, ndipo Derrick Lehmer anaikonza bwino mu 1930. Imayenda motere. Yambani ndi 4. Pangani sikweya, chotsani 2, gawani ndi nambala yomwe mukuyesa, sungani chotsala. Bwerezani kokwana pawa kuchotsapo 2. Mukathera pa 0, ndi prime. Mukathera pena, si prime.

Yesani ndi 2^7 − 1, yemwe ndi 127. Masitepe ndi asanu. Koyamba: 16 − 2 = 14. Kachiwiri: 196 − 2 = 194, kutsala 67. Kachitatu: 4,489 − 2 = 4,487, kutsala 42. Kachinayi: 1,764 − 2 = 1,762, kutsala 111. Kachisanu: 12,321 − 2 = 12,319, yemwe ndi 127 × 97 ndendende, kutsala 0. Ndiye 127 ndi prime. Mukachita ndi 2,047, masitepe 9 akupatsani 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, n'kuthera pa 1,736. Si ziro, ndiye si prime. Chodabwitsa cha njirayi n'choti imakuuzani kuti nambala imagawika koma osakuuzani woigawa. Gulu la GIMPS, lomwe George Woltman anayambitsa mu 1996 ndipo anthu ongodzipereka amalumikizamo makompyuta awo, linatsimikiza nambala ya Durant ndi njira yomweyi. Inali prime ya Mersenne ya nambala 52 kudziwika.

Gawo lachisanu ndi chinayi: tsimikizani pa makina, koma mosamala

Makina sanama dala, koma ambiri amadula madijiti osakuuzani. Excel imasunga madijiti 15 okha. Mukaifunsa 2^64 ikupatsani 18,446,744,073,709,600,000, ndipo mukachotsa 1 sipasintha kanthu. Wokhulupirira yankho limenelo anganene kuti nambalayi imagawika ndi 2 ndi 10, zomwe gawo lachitatu latsutsa kale. Makalikuleta ambiri a pafoni ali ndi vuto lomweli.

Ngati muli ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi pulogalamu ya Python, gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imasunga manambala athunthu ngakhale atatalika motani. Lembani 2**64 - 1 ikupatsani madijiti onse 20. Lembani pow(2, 32, 641) ikupatsani 640, chotsala chomwe tinapeza pamanja. Pomaliza chulukitsani ma prime asanu ndi awiri aja muone ngati akukubwezerani pa nambala yomwe munayambira. Popanda makina, yesani ndi madijiti omaliza okha: 3 × 5 × 7 × 7 × 1 × 7 × 7 ayenera kuthera 5, ndipo akutherapodi.

Kuti muyese nokha njira yonseyi, tengani 2^24 − 1. Muyenera kupeza kuti ili ndi madijiti 8, imathera 15, ndipo imaphwanyika kukhala 4,095 × 4,097. Chidutswa choyamba ndi 63 × 65, chachiwiri chili ndi 17 mkati. Mukamaliza mukhala ndi 3 × 3 × 5 × 7 × 13 × 17 × 241. Powerenga manambala oigawa, kumbukirani kuti 3 waoneka kawiri, ndiye yankho si 64 kapena 128 koma 96.